Madamu Jafali ndi Ana Oopa Masamu

Pamene ndinkatsika minibasi pa Nkope, n'kuti jeneza lonyamulira mtembo litanyamuka kale. Anzathu achisilamu sagoneka maliro, ndipo uthenga unandipeza mochedwa, ndili m'kalasi ku boma. Choncho Madamu Jafali sindinawaone nkhope komaliza. Ndinangolowa m'nyumba momwe munali amayi n'kukhala pansi pafupi ndi chitseko. Sabata yatha tinakachita arubaini, sadaka imene amachita pakapita masiku makumi anayi, ndipo pobwerera ndinaona kuti ndikapanda kulemba zimene ndikukumbuka, ana a mawa adzangomva kuti kunali mayi wina wovuta amene sankamaliza silabasi.

N'zoona, ankavuta. N'zoonanso kuti silabasi ankaimaliza mwa apo ndi apo.

Ndinawapeza pasukulu ina ya pulaimale pakati pa Nkope ndi Makokola, boma litangonditumiza kuchokera kwathu ku Ntcheu. Ine anandipatsa Sitandade 6, iwo anali ndi Sitandade 7. Khoma lolekanitsa makalasi athu silinkafika kudenga, motero ndinayamba kuwadziwa ndi makutu. Chimene chinandidabwitsa m'masiku oyamba chinali chakuti nthawi ya masamu, kuseri kwa khomalo sikunkamveka mwana akulira.

Muyenera kudziwa mmene zinthu zinalili. M'makalasi ambiri tsiku linkayamba ndi mento. Mphunzitsi ankafunsa funso mwadzidzidzi n'kuloza mwana, ndipo ukachedwa kuyankha, chikwapu. Tikalemba mayeso, malikisi ankawerengedwa mokweza kuyambira woyamba mpaka wotsiriza, ndipo akafika pa amene wapeza ziro, kalasi yonse inkakuwa kuti, "Dzira!" Ana ena ankadwala mutu nthawi ya masamu yokha. Ena ankapempha kupita kuchimbudzi n'kukabwera belu litalira. Anyamata akuluakulu ankangotsikira kudooko kukathandiza kukoka makoka, chifukwa kumeneko palibe ankawaseka.

Madamu Jafali anali mayi wamfupi, woyenda mosafulumira, wovala mpango wakuda umene pofika masana unkakhala utayera ndi choko. Kumudzi ankawatchula kuti Abiti Jafali. Chichewa chawo chinkamveka Chiyao, ndipo mwana akachita mantha ankagwada pafupi naye n'kumulankhula m'Chiyaocho motsitsa mawu kuti ena asamve. Cholembera chofiira analibe. Ntchito ya ana ankaichonga ndi pensulo, ati chimene mwana walakwitsa lero chizitha kufufutika mawa. M'ngodya ya kalasi yawo munali thumba la zitsekerero za mabotolo ndi mpeni wobuntha wodulira chinangwa, ndipo nthawi ya zipatso mukanapezamo mulu wa nthanga za masau.

Kaphunzitsidwe kawo kanali kotere. Mutu uliwonse ankauduladula tizigawo ting'onoting'ono. Akaphunzitsa kagawo kamodzi, Lachinayi ankapereka timafunso towerengeka. Ankasankha Lachinayi chifukwa Lachisanu ana ambiri ankaweruka msanga kupita kumzikiti. Amene akhoza ankawapatsa masamu ovutirapo a mutu womwewo, kapena kuwauza kuti akhale pansi ndi anzawo. Amene sanakhoze ankawaphunzitsanso, koma mwa njira ina: ngati poyamba anagwiritsa ntchito bolodi, ulendo uno ankadula chinangwa. Kenako ankawayesanso ndi mafunso atsopano. Mwana ankatha kuyesedwa kangapo pa chinthu chimodzi popanda womunyoza, ndipo akakhoza, zakale zija zinkaiwalika. Kalasi sinkasuntha mpaka pafupifupi onse atagwira. Ochepa otsalawo ankawatenga nthawi yopuma, pansi pa mtengo wa nimu.

Ankakonda kunena kuti msodzi wanzeru salowa m'madzi ndi ukonde wobooka, amayamba wakhala pamchenga n'kuusoka, ngakhale anzake amusiye. Ankanenanso kuti palibe mwana amene amadana ndi masamu, ana amadana ndi manyazi. Ndipo mwana akati, "Madamu, ine mutu wanga ndi wouma," ankamufunsa ngati anabadwa akudziwa kale kusambira.

Musaganize kuti anali munthu wofewa. Lilime lawo linali lakuthwa, makamaka kwa ife aphunzitsi. Mapepala a ofesi ankapereka mochedwa, mwina osapereka n'komwe. Pamsonkhano ankadula mawu ahedi. Ndipo munthu akanyoza mwana iwo akumva, sankamukhululukira msanga. A Kamwendo, amene ankaphunzitsa Sitandade 8, anakhala teremu yathunthu osayankhidwa moni chifukwa anatchula mnyamata wina kuti chitsiru pamzere wa m'mawa.

A Kamwendowa ndi amene ankakangana nawo kwambiri. Anali munthu wa ku Mulanje, wamtali, wovala taye ngakhale mu Okutobala, ndipo ankakhulupirira mento ngati mankhwala. Sanali munthu woipa. Ankafuna kuti ana akhoze, ndipo mfundo yawo inali yomveka.

"Madamu, mayeso a boma sadikira munthu," ankatero. "Inu mukanali pa mafulakishoni, anzanu m'masukulu ena afika pa mapesenti. Mukunditumizira ana amene sanaone theka la buku."

"Nanga amene ankabwera kale aja, ataona buku lonse, ankadziwa chiyani?" ankayankha Madamu. "Buku ndilo linkawaona iwo."

"Nanga ana anzeru? Mukuwachedwetsa."

Funso ili linkawavutitsa Madamu. Bambo wina wapolisi anabwerapo kudzadandaula kuti mwana wake akutopa ndi kudikira anzake. Madamu sanakane. Anabwereka mabuku kwa mnzawo wa kusekondale n'kuyamba kumupatsa mnyamatayo masamu omutulutsa thukuta, koma anandiuza poyera kuti mbali imeneyi sanaipezere yankho lokwanira. Kalasi inali yodzaza mpaka pakhomo, ndipo iwo anali munthu mmodzi.

Anakanganaponso ndi amwalimu a kumadarasa, kumene ana achisilamu ankapita masana kukaphunzira Kurani. Madamu ankafuna kuti ana otsalira azitsala pang'ono akaweruka, pomwe amwalimu ankati ana akufika mochedwa. Madamu anapita okha kukawaona, n'kuwafunsa ngati mwana amene sanaloweze sura imodzi amamupititsa pa ina. Amwalimu anati ayi, amabwereza mpaka agwire, wina msanga wina mochedwa. Madamu anati iwonso sakupempha china. Anagwirizana masiku, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Kumene zonsezi zinachokera ndinakumva patapita nthawi, m'mwezi wa Ramadani. Iwo anali akusala, ndiye ine ndinkachita manyazi kudya mbatata yanga pamaso pawo. Anandiuza kuti ndidye, iwo azilankhula. Anati ali mwana, bambo awo anali mmodzi mwa ochepa amene analola mwana wamkazi kupita kusukulu ya mishoni, pamene ena ankaopa kuti ana akawasiyitsa chipembedzo. Kumeneko anapeza mphunzitsi amene ankamenya timfundo ta zala ndi rula. Madamuwo anadwala malungo milungu ingapo nthawi imene anzawo ankaphunzira kugawa, ndipo atabwerera palibe anawabwerezera. Kuyambira pamenepo masamu onse anali ngati chilankhulo chachilendo. Ankakhoza maphunziro ena onse, kupatula masamu okha. Anafika mpaka kusukulu ya uphunzitsi akubisa zimenezi. Mnzawo wogona naye chipinda chimodzi ndiye anazindikira, n'kupeza buku la ana aang'ono, n'kuyamba nawo pomwe anasiyira paja.

"Mwanawe, ndinaphunzira kugawa ndili kale ndi mwana kumsana," anandiuza akuseka. "Sizinatenge n'komwe mwezi. Ndinalira tsiku limenelo. Zaka zonse zija ndinkadziyesa chitsiru, pamene ndinangodwala malungo."

Sikuti onse anawapulumutsa. Panali Idrisa, mnyamata amene anali atayamba kugwira bwino, koma achimwene ake anabwera kuchokera ku Joni atavala nsapato zowala, ndipo teremu yotsatira Idrisa sanaonekenso. Madamu anapita kwawo kawiri, osaphula kanthu. Ankamutchulabe ngakhale atakalamba.

Koma chimene anthu a pasukulu ija amakumbukira kwambiri ndi tsiku limene kunabwera alangizi a zamaphunziro.

Chaka chimenecho m'kalasi mwawo munali mtsikana dzina lake Sakina, amene anali akubwereza Sitandade 7. Mayi ake ankagulitsa usipa wouma m'mbali mwa msewu. Amalume ake anali atanena kale kuti akalepheranso, amutumiza ku tauni kukagwira ntchito ya m'nyumba, chifukwa sukulu yamukana. Sakina ankawerenga Chingerezi bwino, koma akamuitana kubolodi ankachita mantha mpaka choko kugwa. Chaka cham'mbuyo, ali m'kalasi ya mphunzitsi wina, anadzikodzera pamaso pa anzake nthawi ya mento, ndipo dzina limene anamupatsa tsiku limenelo sindilemba pano. Madamu Jafali anakhala miyezi osamuitana kutsogolo. Ankamupatsa timafunso papepala, n'kumabwerera naye m'mbuyo pang'onopang'ono mpaka anapeza pamene panabooka: mtsikanayu sanamvetse kuchulukitsa ali Sitandade 4. Anayambira pamenepo. Mafulakishoni anayesedwa kangapo asanakhoze.

Uthenga utafika woti alangizi akubwera, ahedi anaitana Madamu muofesi. Ofesiyo inali yoyandikana ndi chipinda chathu cha aphunzitsi, ndiye tonse tinamva.

"Madamu, ndikukupemphani ngati mchemwali wanga. Mawa lokha phunzitsani mutu umene uli pa ndondomeko. Ana ofooka aja tiwatume akatunge madzi a phala. Alangizi akapita, mupitiriza zanuzo."

"Ahedi, ndiye alangiziwo akubwera kudzaona chiyani? Sewero?"

"Akalemba kuti sukulu yathu ili m'mbuyo, dzina loipa likhala langa."

"Ndikumva. Koma mwana amene ndimubise mawa adziwa chifukwa chake ndamubisa. Ndatha miyezi ndikumuuza kuti asachite manyazi, ndiye mawa ndichite naye manyazi ineyo?"

Ahedi anangoti chimene chichitike asadzawadandaulire.

M'mawa mwake alangizi anafika pa njinga yamoto. Anali bambo waulemu wake, wotopa ndi misewu. Ine ahedi anandituma kuti ndiwanyamulire mpando, ndipo nditauika kumbuyo kwa kalasi sindinatuluke. Madamu anaphunzitsa kuphatikiza mafulakishoni monga mwa masiku onse, ana atakhala m'magulu pansi. Alangizi anayang'ana m'mabuku awo, anayang'ananso pabolodi, n'kupukusa mutu. Kenako anaimirira.

"Madamu, mutu uwu munayenera kuumaliza kalekale. Popeza mwakhalitsapo, ndiye kuti mwana aliyense akuudziwa. Ndiloleni ndiyese."

Analemba pabolodi theka kuphatikiza gawo limodzi mwa magawo atatu. Anayang'ana kalasi, n'kudumpha manja onse amene anali m'mwamba, n'kuloza mtsikana amene anaweramitsa mutu pafupi ndi zenera. Anali Sakina.

Ndinayang'ana Madamu, ndikuganiza kuti apeza chonamizira. Anangotenga choko n'kumupatsira m'manja.

Sakina anafika pabolodi. Anaima nthawi yaitali. Kenako analemba mofulumira, ngati munthu wofuna kuthawa: anaphatikiza manambala a pamwamba, n'kuphatikizanso a pansi, yankho n'kukhala magawo awiri mwa asanu. Linali lolakwika. Alangizi anapumira m'mwamba n'kutembenuka kuti aloze mwana wina.

"Bwana, tiyeni timudikire," anatero Madamu. "Sanakhale pansi."

M'kalasi ina iliyonse bwenzi ana atayamba kale kukuwa. Muno munali zii. Ana onse aja, ena atadziwa yankho, anangokhala kudikira ngati ndi chinthu chimene amachita tsiku lililonse. Ndipo ankachitadi. Sakina anapukuta thukuta ndi mkono. Anajambula kamzere pambali, monga ankachitira podula chinangwa, n'kukagawa pakati. Anajambula kena n'kukagawa pasanu. Anayang'ana timizere tiwirito. Ndinaona mapewa ake akutsika.

"Sizingatheke," anatero ndi mawu otsika, akulankhula yekha. "Ndinali ndi theka, ndawonjezera, ndiye zachepa bwanji?"

Anafufuta yankho lija ndi chikhatho. Anayambanso, ulendo uno mosathamanga, n'kusandutsa zonse kukhala magawo asanu ndi limodzi, ndipo anapeza magawo asanu mwa asanu ndi limodzi. Anatembenuka n'kuyang'ana alangizi m'maso.

"Poyamba ndinalakwitsa, sala. Ndinaphatikiza za pansi."

Madamu sanaombe m'manja, sanauze kalasi kuti imuimbire. Anangoti, "Zikomo, Sakina," n'kupitiriza phunziro. Koma atatembenukira kubolodi ndinaona akupukuta m'maso ndi nsonga ya mpango.

Ndikanakonda ndikanalemba kuti alangizi anasintha maganizo pomwepo. Sizinatero. Anayamikira mtsikanayo, koma analembabe kuti kalasi ili m'mbuyo, ndipo sananame. Chaka chotsatira ahedi anawachotsa Madamu ku Sitandade 7 n'kuwatsitsira ku Sitandade 5, kutali ndi mayeso a boma. Tonse tinadziwa kuti ndi chilango. Iwo anakwiya masiku angapo, osalowa m'chipinda cha aphunzitsi. Kenako tsiku lina anabwera akumwetulira n'kunena kuti ahedi awachitira zabwino osadziwa, chifukwa tsopano aziwapeza ana mantha asanawapeze.

Kalasi ya Sakina ija inapita m'manja mwa a Kamwendo. Teremu yoyamba ankangodandaula za mitu imene inatsala. Chapakati pa chaka anayamba kudandaula zina. Ankati ana awa ndi achilendo: ukafunsa ngati amva, amakweza dzanja n'kunena kuti sanamve, ndipo amakuuza malo enieni amene wawataya. Ankati mapesenti, amene zaka zonse ankawatengera milungu yambirimbiri, ana awa anawagwira ngati akungokumbutsidwa. Kupepesa sanapepese, si khalidwe lawo. Koma m'mawa wina ndinawaona ataima pakhomo la Sitandade 5, taye ili pakhosi, akufunsa ngati Madamu angawagawireko zitsekerero za mabotolo. Madamu anawapatsa osanena kanthu, ndipo masana ake anatiuza tonse.

Mento sanaisiyiretu a Kamwendo, koma chikwapu chinasanduka cholozera pabolodi. Kuwerenga malikisi mokweza kunatha pasukulu yonse popanda lamulo lililonse, mphunzitsi mmodzimmodzi. Enafe tinatengako zimene tikanatha. Ine mpaka lero ndimayesa ana kawiri kapena katatu pa chinthu chimodzi, ngakhale kuti kuleza mtima kwawo kuja ndilibe.

Sakina anakhoza mayeso a Sitandade 8 n'kupita kusekondale yoyendera. Ku tauni anapitadi, koma mochedwa ndiponso mwa kufuna kwake: lero ali ndi shopu yake ya utelala pafupi ndi msika wa ku Mangochi, ndipo amaphunzitsa atsikana kuyeza ndi kudula nsalu. Pa arubaini ndiye ankayang'anira zophika. A Kamwendo nawonso anabwera kuchokera ku Mulanje, atakalamba, akuyenda ndi ndodo. Anakhala ndi abambo panja, ndipo ndinawamva akuuza ashehe kuti pa moyo wawo wonse sanakanganepo ndi munthu wina mokoma ngati mayi ameneyu.

Sadaka itatha, anthu akubalalika, mwana wawo wamkazi ananditengera kuseri kwa nyumba, kumene ndinali ndisanafikeko chipumire iwo pantchito. Khoma lonse la kumbuyo, loyang'ana kukhola la mbuzi, analipaka utoto wakuda kufika pamene dzanja la mayi wamfupi lingafike. Pansi pake dothi ndi losalala, lolimba ngati simenti chifukwa chokhalidwa. Anati ana a m'mudzimo ankabwera okha Loweruka m'mawa, aliyense ndi chimene chamuvuta, ndipo mayi ake, maondo atawakana, ankakhala pa mtondo wakale wovundikira, atatsamira khoma, n'kumaloza ndi bango.

Mtondowo ukanali pomwepo. Pakhoma, pamene ankatsamira, utoto unachoka n'kusiya chibanga chotuwa cha msinkhu wa msana wawo. Ndinafunsa ngati akufuna kupakanso utoto, popeza ntchito yake yatha.

"Yatha bwanji, Madamu?" anatero. "Akubwerabe. Akuluakulu aja akuphunzitsa ang'onoang'ono. Dzulo ndawagulira choko."

Ndinayang'anitsitsa khomalo. Linali lodzaza ndi manambala a manja osiyanasiyana, ena okhota, ena ofufutidwa ndi chikhatho n'kulembedwanso pamwamba. Ana alemba paliponse, mpaka m'mphepete mwenimweni. Pa chibanga chotuwa chokhacho ndi pamene sanalembepo.